Kuyeza Mphamvu ya Mtima ndi Magetsi: Kodi Makina Osaboola Thupi N'ngodalirika Motani?

Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala phee umapopa magazi okwana pafupifupi malita 5 pa mphindi iliyonse. Chiwerengero chimenechi chimapezeka pochulukitsa magazi amene amatuluka mtima ukagunda kamodzi, omwe ndi pafupifupi mamililita 70, ndi maulendo amene mtimawo umagunda pa mphindi, omwe nawonso ndi pafupifupi 70. Kuwerenga kugunda kwa mtima sikuvuta, pakuti namwino amangogwira pamkono n'kuyang'ana wotchi. Chovuta ndi kudziwa kuchuluka kwa magazi amene atuluka pa kugunda kulikonse, ndipo funso limeneli lakhala likusautsa madokotala kwa zaka zoposa 150.

Imodzi mwa njira zimene akatswiri akhala akuyesa ndi yodutsitsa mphamvu yochepa ya magetsi m'chifuwa cha wodwala. M'Chingelezi njirayi imatchedwa impedance cardiography. Sifuna singano, sifuna kung'amba khungu, ndipo ena mwa makina a masiku ano ndi aang'ono moti amanyamulika m'manja komanso amayendera batire. N'chifukwa chake njirayi imakopa aliyense amene amaganizira za zipatala zakutali ndi mizinda, monga za m'boma la Mambwe m'chigwa cha Luangwa. Komabe kafukufuku wa zaka zambiri wasonyeza kuti chiwerengero chimene makinawa amapereka chimatha kusiyana ndi cha njira imene madokotala amaidalira ndi 40 peresenti kapena kuposerapo, ndipo makinawa amasokonezeka kwambiri pa odwala omwe ali pa ngozi yeniyeni.

Phunziro lochokera ku Lusaka

Boma la Mambwe lili m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, ndipo ndi kwawo kwa anthu a mtundu wa Kunda, m'madera a mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Odwala ambiri amayambira pa zipatala zazing'ono monga za Masumba ndi Kakumbi. Matenda akakula amapita ku zipatala zazikulupo za m'bomali, monga cha mishoni cha Kamoto cha mpingo wa Reformed Church in Zambia, kapena amatumizidwa ku Chipata Central Hospital. Kuchoka ku Mfuwe kufika ku Chipata pali makilomita oposa 100, ndipo kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka pali ena oposa 550. Choncho wachipatala wa m'chigwa ayenera kugamula zambiri payekha ambulansi isananyamuke.

Chimodzi mwa zigamulozo ndi cha diripi. Wodwala akafika ali lefu, BP itatsika, manja ndi mapazi atazizira, funso loyamba limakhala lakuti apatsidwe madzi ochuluka motani. BP imatha kutsika chifukwa madzi kapena magazi achepa m'thupi, kapena chifukwa mitsempha yatakasuka mopitirira muyeso, kapenanso chifukwa mtima weniweniwo wafooka. Zili ngati mjigo umene ukutulutsa madzi pang'ono: mwina chitsime chaphwa, mwina pampu yatha. Lamba woyezera BP sangasiyanitse zinthu zimenezi. Ngati vuto ndi kuchepa kwa madzi, diripi imapulumutsa moyo. Ngati mtima ndi umene wafooka, madzi owonjezerawo amakadzaza m'mapapo ndipo wodwala amayamba kubanika.

Kuti imeneyi si nkhani ya m'mabuku chabe zinaoneka pa chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka. Pakati pa 2012 ndi 2013, gulu lotsogozedwa ndi a Ben Andrews linachita kafukufuku pa akuluakulu odwala sepsis, matenda amene amadza thupi likamalimbana moopsa ndi tizilombo tomwe talowa m'kati mwake, BP n'kutsika. Ambiri mwa odwalawo, pafupifupi 9 mwa 10 alionse, anali ndi kachilombo ka HIV. Gulu limodzi la odwala linapatsidwa chithandizo cha masiku onse. Gulu lina linatsata ndondomeko yatsopano yopereka madzi ambiri mwamsanga, pamodzi ndi mankhwala okweza BP ndiponso magazi kwa amene anali nawo ochepa. M'maola 6 oyambirira, a gulu lachiwiri analandira pafupifupi malita 3.5 pomwe anzawo analandira malita 2.

Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya JAMA m'chaka cha 2017. Mwa odwala 106 a ndondomeko yatsopano, 51 anamwalira m'chipatala, komwe ndi 48 peresenti. Mwa odwala 103 a chithandizo cha masiku onse, anamwalira ndi 34, komwe ndi 33 peresenti. Ndondomeko imene inapangidwa kuti ipulumutse anthu inachulukitsa imfa. Poyang'anira kuti madzi asapitirire, ofufuzawo ankadalira kutupa kwa mitsempha ya m'khosi, kapumidwe ka wodwala ndi kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, zomwenso ndi zizindikiro zimene wachipatala wa kumudzi ali nazo.

Zofanana ndi zimenezi zinali zitaoneka kale pa ana. Kafukufuku wa FEAST, yemwe anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,100 odwala malungo aakulu ndi matenda ena otenthetsa thupi, anapeza m'chaka cha 2011 kuti mwa ana amene anathiridwa madzi ambiri nthawi imodzi, oposa 10 peresenti anamwalira pasanathe maola 48, pomwe mwa amene sanathiridwe motero anamwalira ndi 7 peresenti.

Kafukufuku awiriwa sanali oyesa makina a impedance, ndipo sakutsimikiza kuti makinawo akanasintha zinthu. Chimene akuonetsa n'chakuti kupereka madzi popanda kudziwa momwe mtima ukuwalandirira n'koopsa. Kachipangizo kotsika mtengo, kosaboola thupi, kamene kangayankhe funso limeneli kangakhale kothandiza zedi. Chatsala ndi kudziwa ngati makina amene alipowa amanena zoona.

Njira ya kachubu ka mu mtima

Kuti munthu anene kuti sikelo ikunama, pafunika sikelo ina yoyerekezera. M'chaka cha 1870, a Adolf Fick a ku Würzburg m'dziko la Germany anafotokoza momwe munthu angawerengere magazi otuluka mu mtima potengera okosijeni amene thupi likugwiritsa ntchito. Koma njirayo imafuna magazi otapidwa m'kati mwa mtima kapena mu mtsempha wopita ku mapapo. M'chaka cha 1929, dokotala wachinyamata, a Werner Forssmann, analowetsa kachubu mu mtsempha wa pamkono pawo mpaka kukafika mu mtima wawo womwe, ndipo m'chaka cha 1956 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi a André Cournand ndi a Dickinson Richards.

Kachubu kamene kanadzafala m'zipatala ndi ka a Jeremy Swan ndi a William Ganz a ku Los Angeles, komwe kanalengezedwa m'chaka cha 1970. Kamalowetsedwa mu mtsempha waukulu, kawirikawiri wa m'khosi, n'kudutsa mbali ya kumanja ya mtima kukafika mu mtsempha wa ku mapapo. Dokotala amathira timadzi tozizira, ndipo kachipangizo ka kunsonga kamayeza momwe magazi azizirira. Magazi akamayenda ambiri, kuziziraku kumatha msanga. Njira imeneyi, yotchedwa thermodilution, ndi imene makina atsopano ambiri amayerekezedwa nayo.

Kachubuka kamafuna chipinda cha odwala mwakayakaya ndi madokotala ozolowera, ndipo kamatha kuyambitsa matenda, kusokoneza kagundidwe ka mtima ngakhalenso kuboola mtsempha. Kafukufuku amene anatuluka ku America m'chaka cha 1996 anakayikitsa phindu lake, ndipo wina wa ku Britain wotchedwa PAC-Man anapeza m'chaka cha 2005 kuti sikanachepetse imfa. Kuyambira pamenepo madokotala anachepetsa kukagwiritsa ntchito, ndipo msika wa makina osaboola thupi unakula.

Magetsi m'chifuwa

Maziko a njira ya impedance ndi akuti magazi amadutsitsa magetsi bwino kuposa mafupa, mafuta ndi mpweya wa m'mapapo. Liwu lakuti impedance limatanthauza kukana kwa chinthu kuti magetsi osinthasintha adutsemo. Pa khosi ndi m'munsi mwa chifuwa pamamatidwa tizigamba tokhala ndi mawaya. Tina timalowetsa magetsi ofooka kwambiri amene amasinthasintha maulendo zikwi makumi angapo pa sekondi, moti wodwala samva kanthu. Tina timayeza momwe chifuwa chikukanira magetsiwo. Mtima ukagunda n'kukankhira magazi mu mtsempha waukulu wa aorta, kukanako kumatsika pang'ono, kenako n'kubwerera mwakale.

Makina oyamba odziwika bwino anapangidwa ndi gulu la a William Kubicek pa yunivesite ya Minnesota, ndi thandizo la bungwe la NASA lomwe linkafuna njira yoyezera mitima ya anthu opita mumlengalenga, ndipo ntchitoyo inafalitsidwa m'chaka cha 1966. N'zosachita kufunsa kuti anthu amene NASA inkawaganizira anali amphamvu, a mapapo ouma bwino ndi mitima yopanda chilema.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Makinawa sayeza magazi. Amayeza magetsi, kenako kompyuta ya m'kati imasandutsa zimene yapezazo kukhala malita pogwiritsa ntchito masamu ongoyerekeza. Kusintha kumene kumadza ndi kugunda kwa mtima n'kochepa zedi, sikufika ndi 1 peresenti yomwe ya kukana konse kwa chifuwa. Kupuma kokha kumasintha chiwerengerocho kuposa mmene mtima umachitira, choncho kompyuta iyenera kuyamba yasefa. Pa masamu awo, a Kubicek anatenga chifuwa ngati mgolo wofanana kumwamba ndi kunsi. Pambuyo pake a Bohumir Sramek anati chifuwa chimafanana kwambiri ndi ndowa yovundikira, yopapatiza kumwamba, ndipo m'chaka cha 1986 a Donald Bernstein anawonjezerapo kulemera kwa thupi. Mpaka lero makina ambiri amafuna kuti wachipatala alembemo msinkhu ndi kulemera kwa wodwala, ena amafunanso zaka zake ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Gawo lina la yankho limachokera pa zimene zalembedwazo, osati pa mtima wa wodwalayo.

Makampani akhala akukonza njirayi. Makina a kampani ya Osypka Medical ya ku Berlin, monga ICON, amadalira mfundo yakuti magazi akayamba kuthamanga mu aorta, maselo ofiira amandandalikana molunjika kumodzi ndipo magetsi amadutsa mosavuta. Makina a NICOM a kampani ya Cheetah Medical, yomwe inagulidwa ndi Baxter m'chaka cha 2019, amayeza kuchedwa kwa funde la magetsi likamadutsa m'chifuwa, njira yotchedwa bioreactance. Palinso PhysioFlow ya ku France. Iliyonse ili ndi masamu ake, ndipo zotsatira za makina amodzi siziyenera kutengedwa ngati umboni wa makina ena.

Malire a 30 peresenti

Kwa zaka zambiri ofufuza ankakhutira akaona kuti chiwerengero cha impedance chikukwera pamene cha kachubu chikukwera. M'chaka cha 1986, a Martin Bland ndi a Douglas Altman analemba m'magazini ya Lancet kuti zimenezi n'zosakwanira. Mlimi wa thonje wa kwa Msoro angamvetse msanga mfundo yawo. Masikelo awiri pa msika angathe kukwera limodzi belo likakula, koma ngati pa belo lomwelo ina ikuti makilogalamu 80 pomwe ina ikuti 60, masikelowo sakugwirizana, ndipo wina aluza ndalama. Chofunika ndi kuyeza kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo pa wodwala aliyense.

M'chaka cha 1999, akatswiri awiri a dzina la Critchley a ku Hong Kong anaika malire amene akugwirabe ntchito. Iwo anati njira ya kachubu nayonso imaphonya, ndi pafupifupi 20 peresenti. Ngati njira yatsopano ikuphonya mofanana ndi yakaleyo, kuphonya kwa ziwirizo kukaphatikizidwa mwa masamu kumafika pa 28 peresenti. Choncho anati makina atsopano avomerezedwe ngati kusiyana kwake ndi kachubu sikupitirira 30 peresenti pa miyeso 95 mwa 100 iliyonse.

Makina a impedance akhala akulephera kufika pa malire amenewa. M'chaka cha 2010, a Philip Peyton ndi mnzawo a Chong a ku Melbourne anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri m'magazini ya Anesthesiology, ndipo anapeza kuti impedance imasiyana ndi kachubu ndi pafupifupi 43 peresenti. M'chaka cha 2017, gulu la a Alexandre Joosten linaunika kafukufuku 37 wokhudza odwala oposa 1,500 m'magazini ya British Journal of Anaesthesia. Makina onse osaboola thupi pamodzi anapezeka pa 47 peresenti, ndipo a impedance pa 42 peresenti. Kuunika kwina kwa m'chaka cha 2020, kokhudza makina odalira maselo ofiira aja, kunapeza 48 peresenti mwa akuluakulu ndi 42 peresenti mwa ana. Magulu atatu osiyana, m'zaka khumi, anafika pa ziwerengero zoyandikana.

Tanthauzo lake ndi ili. Ngati kachubu kakuti malita 5, makina okhoza malire a 30 peresenti angapereke chiwerengero cha pakati pa malita 3.5 ndi 6.5. Makina a 45 peresenti angapereke chilichonse kuyambira pa 2.75 mpaka 7.25. Mwa munthu wamkulu, malita osakwana 3 ndi chizindikiro cha mtima umene walephera, pomwe malita 7 ndi mtima umene ukupopa mopitirira. Dokotala angapereke chithandizo chosiyana kotheratu potengera ziwerengero ziwirizi, chonsecho wodwala ndi mmodzi yemweyo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza owerenga timapepala totsatsa makinawa. Odwala ambiri akaphatikizidwa, avereji ya makinawa imayandikana kwambiri ndi ya kachubu, chifukwa kuphonya kokwera ndi kuphonya kotsika kumafafanizana. Wotsatsa akanena kuti avereji ikugwirizana sananame. Koma dokotala sachiza avereji, amachiza munthu mmodzi amene wagona pabedi.

Kunena mwachilungamo, njira zina zosaboola kwambiri thupi sizinachite bwino kuposa impedance. A Peyton ndi a Chong anapeza kuti zonse zimene anaziunika zinali pakati pa 41 ndi 45 peresenti, ndipo anati mwina malire a 30 peresenti ndi okhwima mopitirira, n'kupereka ganizo lakuti akwezedwe kufika pa 45. Akatswiri ena anakana. Ganizolo lili ndi mfundo yake, popeza sikelo yoyerekezerayo nayonso ili ndi vuto, koma kukweza malire sikuchititsa makina kukhala olondola.

Matenda a m'chigwa

Kafukufuku wochuluka wa makinawa anachitikira ku Ulaya, America ndi Asia, m'zipinda za opaleshoni ndi za odwala mwakayakaya. Odwala a m'chigwa cha Luangwa amafika ndi mavuto ena, ndipo ambiri mwa mavutowo ndi omwewo amene amadziwika kuti amasokoneza impedance.

Loyamba ndi madzi m'chifuwa. Madzi a m'thupi amadutsitsa magetsi bwino, choncho mapapo akadzaza madzi chifukwa cha kufooka kwa mtima kapena chibayo, kapena TB ikasonkhanitsa madzi kuzungulira mapapo ndi mtima, magetsi amapeza njira yachidule n'kulambalala aorta. Chizindikiro chochokera ku mtima chimachepa, ndipo chiwerengero chimasokonekera. Izi zikutanthauza kuti wodwala amene diripi yayamba kumudzaza m'mapapo, yemwe dokotala akufunitsitsa kudziwa za mtima wake, ndi amenenso makina angamunamizire. Kafukufuku wa ku America wotchedwa BIG, pa odwala mtima ogonekedwa m'chipatala, anapeza m'chaka cha 2009 kuti impedance inkangogwirizana pang'ono ndi kachubu. Chosangalatsa n'chakuti kufooka kumeneku kuli ndi phindu lake: popeza madzi amatsitsa kukana kwa chifuwa, makinawa amatha kuchenjeza kuti madzi akuchuluka ngakhale pamene akulephera kuwerenga malita.

Lachiwiri ndi mavavu a mtima, tizitseko timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Zilonda za pakhosi zoyambitsidwa ndi tizilombo ta streptococcus zikapanda kuchizidwa mwa mwana, zimatha kudzawononga mavavuwa. Kafukufuku wa a John Musuku ndi anzawo pa ana a sukulu a ku Lusaka, amene anatuluka m'chaka cha 2018, anapeza matendawa mwa ana pafupifupi 12 mwa 1,000 alionse. Vavu ya aorta ikamadontha, gawo lina la magazi otuluka limabwereranso mu mtima. Makina a impedance amaona magazi otulukawo koma sadziwa kuchotsera obwerera. Ngakhale ku America, ndondomeko ya boma ya Medicare, imene imalipirira kuyeza kumeneku pa zifukwa zochepa zosankhidwa, silipira ngati wodwala ali ndi vavu ya aorta yodontha kwambiri.

Kuchepa kwa magazi, komwe n'kofala kumene malungo ali ambiri, nakonso kumalowererapo. Maselo ofiira akachepa, magazi amadutsitsa magetsi mosavuta kuposa mmene masamu ena amayembekezera. Matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, amapezeka m'chigwa cha Luangwa ndipo mtundu wake wa kumeneku umatha kutupitsa mnofu wa mtima n'kusokoneza kagundidwe kake, pomwe makinawa amafuna mtima wogunda mwadongosolo kuti azindikire poyambira ndi pothera kugunda kulikonse. Mwa amayi oyembekezera, magazi otuluka mu mtima amakwera ndi 30 mpaka 50 peresenti, ndipo maonekedwe a chifuwa ndi kuchuluka kwa madzi m'thupi zimasintha.

Ndiyeno pali nyengo. Mu Okutobala kutentha m'chigwa kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Thukuta limamatula tizigamba tija, ndipo wodwala malungo akamanjenjemera kapena mwana akamalira n'kuphiriphitha, chizindikiro chochepa chija chimamira m'phokoso. Tizigambato timagwira ntchito pa wodwala mmodzi basi ndipo timachokera kunja. Tikatha, makina amakhala m'kabati.

Kutsata kusintha m'malo mwa chiwerengero

Amene amaikira kumbuyo makinawa amanena kuti dokotala safunikira kwenikweni kudziwa ngati malita ndi 4 kapena 5. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti akapereka madzi, kodi mtima upopa ochulukirapo kapena ayi. Sikelo imene imaphonya mofanana nthawi zonse ingathebe kuonetsa kuti mwana akunenepa. Mfundoyi ndi yamphamvu, makamaka chifukwa kafukufuku wasonyeza kuti mwa odwala kwambiri amene BP yawo yatsika, pafupifupi theka lokha ndi amene mtima wawo umawonjezera kupopa akapatsidwa madzi. Theka linalo limangolandira mtolo.

Pali njira yoyesera zimenezi popanda kuthira dontho ndi limodzi lomwe. Wodwala amene anatsamira amagonekedwa chagada, miyendo yake n'kukwezedwa m'mwamba kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Magazi okwana pafupifupi mamililita 300 amatsika kuchokera m'miyendo ndi m'mimba kupita ku mtima. Ngati magazi otuluka mu mtima akwera ndi 10 peresenti kapena kuposerapo, ndiye kuti diripi ingathandize. Ngati sanakwere, miyendo imatsitsidwa ndipo palibe chimene chawonongeka. Njirayi imafuna makina oonetsa kusintha nthawi yomweyo, ndipo apa ndi pomwe impedance ili ndi mwayi.

Kafukufuku wotchedwa FRESH, amene anatuluka m'magazini ya Chest m'chaka cha 2020, anayesa zimenezi ndi makina a bioreactance pa odwala sepsis oposa 120 m'zipatala za ku America ndi Britain. Amene ankayezedwa motere anatsala ndi madzi ochepa m'thupi, ndi kusiyana kopitirira lita imodzi pakutha pa maola 72, ndipo ochepa mwa iwo anafuna makina osefa magazi kapena othandiza kupuma. Koma kafukufukuyo anali wamng'ono, analipiridwa ndi kampani yopanga makinawo, ndipo sanakonzedwe kuti atsimikize za imfa. Komanso m'chaka cha 2013, madokotala a pa chipatala cha Bicêtre pafupi ndi Paris anali atapeza kuti makina a mtundu womwewo, a nthawi imeneyo, analephera kutsata bwino kusintha pokweza miyendo mwa odwala mwakayakaya. Umboni wa mbali imeneyi ndi wolimbikitsa kuposa wa kuwerenga malita, koma ndi wosakanikirana, ndipo unachokera m'zipatala zimene zili ndi makina othandiza kupuma pafupi ngati zinthu zavuta. Ku Lusaka kuja, pafupifupi odwala onse anathandizidwira m'mawodi wamba.

Pa ziwerengero zimene zilipo, makina a impedance angayenere kuonedwa ngati mboni imodzi pakati pa mboni zina, pamodzi ndi kapumidwe, kuchuluka kwa mkodzo, kutentha kwa manja ndi mapazi ndiponso zimene wachipatala akumva m'mapapo. Sangalowe m'malo mwa kachubu, ndipo chiwerengero chake chokha si chifukwa chokwanira chotsegulira kapena kutsekera diripi.

Sikani ya mtima

Njira ina yosaboola thupi ndi sikani ya mtima, imene madokotala amaitcha echo. Imagwiritsa ntchito mafunde a mawu monga sikani ya amayi oyembekezera, ndipo masiku ano pali tina tonyamulika tolumikiza ku foni kapena tabuleti. Phindu lake pa odwala ngati a ku Mambwe ndi lakuti imaonetsa zinthu zomwe zimasokoneza impedance: vavu yodontha, madzi ozungulira mtima, madzi m'mapapo ndi mnofu wofooka. Ana a sukulu a ku Lusaka aja anayezedwa ndi makina oterewa. Sifunanso tizigamba togula pa wodwala aliyense.

Vuto lake lili pa munthu wogwira makinawo, chifukwa imafuna maphunziro ndi kuzolowera, ndipo imangoonetsa za nthawi imene kachipangizo kali pachifuwa, pomwe impedance imatha kuyang'anira wodwala usiku wonse. Powerengera malita, woyezayo ayenera kuyeza kukula kwa khomo lotulukira magazi mu mtima, lomwe mwa munthu wamkulu ndi pafupifupi mamilimita 20. Popeza muyesowo umachulukitsidwa ndi iwo wokha pa masamu, kuphonya ndi mamilimita 2 okha kumasokoneza yankho lonse ndi pafupifupi 20 peresenti.